A Kopolo, Mphete Zawo ndi Mabaketi a ku Madumabisa

Ikani kaye pansi timafoni tanuto. Iwe Nomsa, ndikunena iwe makamaka, usandiyankhe “yebo gogo” maso ali pagalasi. Dzulo ndinakumva ndi makutu anga omwewa, amene mumati anagontha, ukuwauza alendo ako a kumayadi ku Baobab aja kuti agogo awo a amako anali ndi sitolo ya golide. Sitolo! Ya golide! Ndinatsala pang'ono kutsamwa ndi tiyi. Mnyamata akukufunayo anachita kugwedeza mutu ngati wapeza banki. Khalani pansi nonse ndikuuzeni za munthuyo, pakuti ine ndinakhala naye pakhomo limodzi, ndipo sitolo yake yonse ndinkainyamula ndi dzanja limodzi. Kanali kasutikesi ka malata, kotseka ndi waya.

Dzina lawo anali a Zakeyu, koma Wanke yense, tauni yathu ino ya mgodi wa malasha, ankawadziwa kuti a Kopolo. Anali apongozi anga, bambo wake wa Jailosi, mwamuna wanga woyamba. Tsekani pakamwapo, ntchentche zingalowe. A Sandalamu ali pachithunzi apowo analera amanu, koma wobereka anali Jailosi, ndipo chithunzi chake mulibe m'nyumba muno chifukwa ndinayatsira mbaula.

A Kopolo anapita kunkhondo yaikulu ija Jailosi akadali mnyamata. Anawakweza sitima ya pamadzi mpaka ku Burma. Anabwerako ndi mamendulo atatu, chijasi cha asilikali chofika m'maondo, ndi khutu lakumanzere losamva. Kumudzi, cha ku Ntcheu, anapeza akazi awo anaikidwa kalekale. Asilikali anzawo ankakonda kudzitama pamowa, aliyense anapha adani makumi, ngakhale amene ankangosenda mbatata kukhitchini. A Kopolo ukawafunsa za nkhondo ankakamba za misundu yoyamwa magazi m'nsapato, mvula yosakata, ndi amwenye amene anawaona panjira, atakhala pansi ndi tinyundo tating'ono akusula ndolo. Nkhondo yonse ija, chimene munthuyo anasirira ndi tinyundo.

Jailosi atalembedwa ntchito ya pansi pamgodi, nayitanitsa ine, a Kopolo anatilondola. Inu mumadandaula kutentha muli pansi pa fani. Wanke wa nthawi ya Chitaganya munthu unkachapa nsalu, kuyanika, pokaanula yauma koma yadanso ndi fumbi la malasha. Makanda ankayetsemula zakuda. Chakudya tinkalandira pamzere, ufa m'thumba, nyemba, mtedza, ndi nyama imene sunkafunsa kuti ng'ombeyo inafa liti. Nyumba ya kampani inali chipinda chimodzi, ndiye mkamwana sangagone denga limodzi ndi apongozi. A Kopolo anadzimangira kachisakasa kuseri ndi malata otola. Tikafuna kulankhulana, ine ndinkagwada pakona pa nyumba, iwo nkuyang'ana kumbali. Inu mumakhala mpando umodzi ndi apongozi anu nkumalandana limoti ya wailesi ya kanema.

Kamodzi pamwezi ankakwera sitima kupita ku Bulawayo kukagula katundu kwa amwenye: mikanda ya m'chiuno, zibangili, ndolo, mphete, timaunyolo ta m'khosi. Tsiku lolandira malipiro ankayala chijasi chija pansi pa mtengo pafupi ndi holo ya mowa, nkuyala katundu pamwamba pake, mamendulo ali pachifuwa. Amuna a m'komboni ankaunjikana. Wina akugulira mkazi amene anamusiya kwawo, wina akugulira mkazi wa mnzake.

“Golide wa ku Bombeyi uyu,” ankatero a Kopolo, nkhope ili gwa ngati ali pa perete. “Ndinamuona ndekha akusulidwa.”

Unali mkuwa, ana inu. Ankaupukuta ndi phulusa ndi mandimu mpaka kuwala. Ndikudziwa chifukwa mphete yanga ya ukwati inachokera m'kasutikesi komweko, ndipo pasanathe mwezi chala changa chinabiriwira ngati masamba a mpiru. Ndinamulalatira Jailosi m'nyumba. Mawu anamveka kuchokera kuseri kwa khoma: “Uwauze mayiwo azivula akamachapa. Golide wa ku Bombeyi sagwirizana ndi sopo.” Khutu losamva lija linkasankha zomva.

Kunena zoona ndinkawapeputsa. Ndinkati munthu wamkulu, wa mamendulo, kumakhalira kunamiza anthu ndi tizitsulo.

Kenaka anabadwa amanu, Esinati. Apa ndiye munthu anasokonezeka mutu. Mwana atangolimba khosi, a Kopolo anapempha nsalu yanga yakale nkumubereka kumbuyo. Mwamuna, msilikali, mwana kumsana, kumayenda naye m'komboni monse! Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaonerera. Anyamata ankakuwa kuti, “A Kopolo, muyamwitsa nthawi yanji?” Iwo ankangowapatsa khutu lakumanzere. Esinati atabooledwa makutu ndinatenga tindolo m'kasutikesi muja kuti ndimuveke. Anandiletsa mwaukali umene sindinauonepo. Ulendo wotsatira wa ku Bulawayo anabwera ndi tindolo tasiliva weniweni, atatikulunga m'kapepala. Ndikhulupirira kuti pa zinthu zonse zimene zinadutsa m'manja mwawo, zenizeni zinali zokhazo.

Tsono Jailosi. Anali wokongola, zimenezo sindingamulande, mphuno ya iwe Nomsa ndi yake. Ankakonda suti, dansi, ndi kupesa tsitsi mpaka kulemba mzere pakati. Ntchito yokankha ngolo za malasha ankati si ya munthu ngati iye. Loweruka lina anavala bwino nkunena kuti akukaonera mpira. Mpirawo akuonerabe mpaka lero. Tinamva kwa anzake kuti anakwera sitima ya kumwera, ya ku Joni, kumene ankati ndalama amachita kutola mumsewu.

Patapita masiku ochepa anabwera apolisi a m'komboni, ndi zibonga zawo ndi makabudula owuma ndi sitachi. Anati nyumba ndi ya wogwira ntchito, ndipo wogwira ntchito kulibe, mwezi ukatha tikhale titatuluka. Ine ndikanapita kuti? Amayi anga anali atamwalira. Atsibweni anga anandikwatitsa mothamanga kuti pakamwa pachepe pakhomo pawo. Kubwerera kumeneko ndi mwana, wopanda mwamuna, wopanda ngakhale bulangete latsopano, kunali kukakhala kapolo wa akazi awo.

Akuluakulu a kwathu anabwera kudzawalangiza a Kopolo. Anakhala pamipando yathu, kumwa tiyi wathu, nkumati, “Inu musavutike. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi atsibweni ake. Akwezeni sitima azipita, inu mupeze pogona kwa anzanu.”

Esinati anali kumsana kwawo, ali m'tulo, dovu likuyenderera pa kolala. A Kopolo anati, “Mwana ali kumsana kwangayu mukuti ngwa yani? Amene akuti ngwake abwere adzamumasule.”

Palibe anadzuka. Anamaliza tiyi, pakuti tiyi sankamusiya, nkumapita.

M'mawa mwake a Kopolo anavala chijasi, kutentha konse kuja, napachika mamendulo, ulendo ku ofesi ya komboni. Ine ndinatsatira patali nkukhala pansi panja, pafupi ndi zenera. Mzungu woyang'anira komboni sanatuluke nkomwe. Amene anawalandira anali mabalane, ndiye kuti kalaliki, kamnyamata ka kwathu komwe, ka ku Dedza, pensulo kukhutu. Chinyanja ankachidziwa bwino lomwe, koma munthu wamkulu ngati uja anamulankhula Chilapalapa, chilankhulo cholamulira anthu pamgodi.

“Ini wena funa, madala?” Ndiye kuti, ukufuna chiyani, nkhalamba.

A Kopolo anamenya sawatcha, nayankha m'Chinyanja kuti akufuna ntchito, ina iliyonse, kuti nyumba isapite. Mabalane anaseka. Anati pansi pamgodi dokotala sangalole munthu wa imvi, wogontha khutu. Ulonda unadzaza. Kenaka anatsamira mpando nkunena mokweza, kuti amene anali pamzere amve: “Ilipo imodzi imene imasowa anthu. Mabaketi. Kaya mamendulowo mukawapachika pa ngolo?”

Inu simudziwa mabaketi, mumangokoka kachitsulo madzi nkuchita phokoso. Zimbudzi za m'komboni zinali mzere wa tizipinda ta malata, pansi pa bowo lililonse pali chibaketi, kuseri kuli kachitseko. Panali anthu amene ntchito yawo inali kutsegula tizitseko timeneto, kusenza zibaketi zodzaza, kukhuthulira m'ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, nkukataya kumaenje kutchire. Anthu amenewo anali ndi mzere wawo wa nyumba kumapeto kwenikweni kwa komboni yathu ya Madumabisa. Palibe ankawapatsa moni wa padzanja. Kumowa ankabwera ndi zitini zawo zomwera.

Pamzere paja anthu anaseka. A Kopolo anafunsa funso limodzi: “Nyumba ya apabanja ilipo?”

Mabalane anati ilipo, koma mkamwana salembedwa m'buku. A Kopolo anapisa m'thumba, natulutsa mphete yonenepa, naiika patebulo. Mabalane anaiyesa pachala nkundilemba ine kuti ndine mwana wawo wobereka. Ndinasuzumira pazenera ndipo ndinawaona akumasula mamendulo limodzi limodzi, kuika m'thumba la chijasi, nkudinda chala papepala. Chokhacho chimene chimanditonthoza pa tsiku limenelo nchakuti sabata isanathe chala cha mabalane chinali chitabiriwira.

Tinasamukira kumzere wa kumapeto. Tsiku la malipiro litakwana a Kopolo anasamba, nanyamula kasutikesi, nakayala chijasi pansi pa mtengo paja monga kale. Anthu ankadutsa patali. Amake Feliya, amene tinkakhala nawo khomo loyandikana, amene ndinawathandiza pobereka ana awiri, anaima natseka mphuno ndi nsonga ya duku.

“Ndolo za kuchimbudzi ndani angavale kukhutu kwake?” anatero, anzawo nkumaseka.

Mayi ameneyo m'chiuno mwake munali mikanda ya a Kopolo mizere inayi, ndinkaiona tikamasamba. Ndipo chimene a Kopolo ankasenza m'mawa uliwonse chinkachokera mwa iye yemweyo ndi ana ake. Koma wonunkha anali wosenza. Anthu a Mulungu amenewo, Lamulungu lililonse kutsogolo kwa kwaya.

A Kopolo anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka osagulitsa ngakhale mkanda umodzi. Atabwera anaika kasutikesi pakati pa bwalo, nabwerera kukakhala pakhomo pa chisakasa chawo, nayang'ana kumbali.

“Amake Esinati, katunduyu sanalakwe. Alakwa ndi manja anga. Mutengeni inu.”

Anandiphunzitsa malonda tili motalikirana choncho, iwo uko ine kuno. Kupukuta ndi phulusa losefa, osati la malasha chifukwa limakanda. Kusayamba ndiwe kutchula mtengo. Kumusiya mayi avale ndolo, umupatse kagalasi, iwe nkumayang'ana kwina ngati sukufuna kugulitsa. Za Bombeyi ndinakana, ndinati ine bodza limenelo sindinganene. Anati, “Musanene. Mungonena kuti apongozi anu anafikako ku Bombeyi. Zimenezo nzoona.”

Ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo m'makomboni ena kumene sankandidziwa, kasutikesi pamutu. Chindebele changa ndi Chinambya ndinaphunzirira pamenepo, pokangana mitengo ndi azimayi, osati chanu chophunzira kuti muzitiyankhira mwano. Malonda anayenda. Koma akandifunsa kumene ndimakhala ndinkatchula mzere wina. Za apongozi ofika ku Bombeyi ndinkanena, koma dzina lawo ayi.

A Kopolo ankaweruka dzuwa lili pamutu. Sankalola kuti Esinati awakhudze asanasambe. Ankalowa m'bafa la udzu ndi sopo wofiira ndi mwala, nkudzikhula mpaka khungu kutuwa, mwana ali panja pa bafa akuimba nyimbo zake, kudikira. Akatuluka ankamunyamula, kumudyetsa chimene amusungira, kaya ndi buledi kaya ndi malambe otola kutchire kuja, kumuphunzitsa kuguba ndi ndodo paphewa. Esinati analibe nazo kanthu za fungo. Akaona ngolo ija ikudutsa mumsewu ankathamanga akukuwa, “Agogo! Agogo anga awo!” anthu onse akumva. Ndipo ine, amene ndikukudzudzulani lero, ndinkamukoka mkono nkumumenya. Ndinamumenya kangapo konse. A Kopolo anaona kamodzi ali pangolo. Kuyambira tsiku limenelo anapempha anzawo kuti ngolo yawo izizungulira njira ya kuseri, yotalika, kuti mwana asamawaone.

Zinapita zaka zinayi kapena zisanu. Mankhwala amene ankathira m'mabaketi anawang'amba manja, ndipo anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Jailosi analemba kalata imodzi yokha, muli chithunzi atavala chipewa chopendamira, kunena kuti anakwatira kumeneko, tisamudikire. Mkulu wa mpingo ndiye anatiwerengera. Atamaliza, a Kopolo anati, “Bwerezani. Mwina mwadumpha pamene wafunsa za mwana.” Anabwereza. Panalibe.

Kuyambira pamenepo anayamba ntchito imene Wanke anali asanaionepo: bambo kumufunira mwamuna mkazi wa mwana wake. Ankadziwa kuti chifuwa chikawagwetsa, nyumba ipitanso. Ofuna analipo, musandione makwinyawa. Koma a Kopolo anali atagulitsa mphete kwa amuna a m'komboni monse, ndipo ankadziwa za aliyense. Wina anati ayi, ameneyo ankagula ndolo ziwiriziwiri zofanana, za akazi awiri. Wina ayi, ankagula chibangili mwezi uliwonse mkazi wake akatupa diso. Anatsala a Sandalamu Phiri, woyang'anira mapampu a madzi, wofedwa mkazi, wa makutu aakulu, wosalankhula. Ine ndinati munthu wake ngwozizira ngati phala la dzulo.

“Anagula kwa ine kamodzi kokha,” anatero a Kopolo. “Tindolo ta malemu akazi ake. Kamodzi katathyoka anabwera nako kuti ndikakonze, sanafune katsopano. Anadikira pamenepo mpaka ndinamaliza.”

Akulu a mpingo anakambirana, analemba makalata kumudzi, mapeto ake analola. A Kopolo anaima ngati nkhoswe yanga. Amake Feliya anabwera kuukwati, anadya, anatenganso nyama m'kansalu.

Tsono mvetserani, pakuti apa ndi pamene ndimadumpha ndikamafotokoza nkhaniyi. Kutatsala masiku ochepa kuti tisamukire kunyumba ya a Sandalamu, kumzere wabwino wa pafupi ndi mpopi, a Sandalamu anandiitanira pambali.

“Mayi, madala aja akasiya ntchito alibe nyumba. M'buku sangalembedwe, si bambo anga. Koma ndikhoza kuwamangira chisakasa kuseri, apolisi ndikalankhula nawo, amandidziwa. Inu mukuti bwanji?”

Munthu wozizira uja ndiye anaganiza zimenezo. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinali nditatopa kukhala mwana wa a mabaketi. Ndinkafuna kupita kumpopi azimayi osasuntha zidebe zawo. Ndinkafuna kuti Esinati akayambe sukulu anzake osamutsekera mphuno. Zifukwa ndinali nazo zambiri, zonse zomveka bwino. Ndinayankha kuti, “Nanga anthu adzati chiyani?”

Anthu! Amake Feliya! A Sandalamu anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, “Chabwino,” osabwerezanso.

Sindikudziwa ngati a Kopolo anamva. Iwo sanapemphe kalikonse. Ukwati utatha anakasiya ntchito, nayamba kuuza anthu kuti apukwa kwawo, akufuna akafere pafupi ndi manda a akazi awo. Kwawoko kunali mlongo wawo mmodzi yekha, wokalamba kuposa iwo. Katundu yense wa malonda anandisiyira.

Tinawaperekeza kusiteshoni m'mawa. Esinati anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atagwira chala chawo njira yonse. Ataona kamtolo ka zovala anafunsa kuti agogo akupita kuti. Ine ndinafulumira kuyankha: “Ku Bulawayo, kukagula mikanda. Abwera Loweruka.” A Kopolo anandiyang'ana kumaso. Zaka zonse zija anali asanandiyang'anepo kumaso. Ndinadikira kuti anditsutse, kapena anditukwane, zikanandipepukira. Anangoti, “Amake Esinati, mwanayu asamayende padzuwa wopanda duku. Amatuluka kamfuno.” Anamunyamula, namupsompsona pamutu, namutsitsa, nakwera.

Loweruka Esinati anadzuka m'mamawa navala diresi lake la kutchalitchi. Loweruka linalo chimodzimodzi. Atayamba sukulu ankati akaweruka nkukaima pachitunda poonekera njanji, sitima ikadutsa nkubwera kunyumba kudzandiuza kuti mwina akwera ya mawa. Ine nkumati, inde, mwina ya mawa. Dzinja linadutsa kawiri tikuchita zimenezo. Kenaka inabwera kalata yolembedwa ndi mphunzitsi wa kumudzi kwawo, yonena kuti a Zakeyu anamwalira ndi chifuwa, ndipo masiku awo omaliza ankaitana dzina limene kumeneko palibe ankalidziwa, ndiye akufunsa ngati Esinati ndi munthu wa kuno.

Ndinamukhazika pansi nkumuuza. Sanalire msanga. Anafunsa kuti, “Ndiye sanapite ku Bulawayo?”

Ndinati ayi.

“Inu mumadziwa?”

Ndinati ndimadziwa.

Anadzuka nkukakhala kuseri kwa nyumba mpaka madzulo. Kuchokera tsiku limenelo sanandifunsenso kalikonse za agogo ake. Lero amanu ali ndi imvi, ndi amene amandisambitsa, kundidula zikhadabo, kundiphikira phala, ndipo sanandinenepo mawu oipa. Amadziwa kuti ndinamunamiza za Bulawayo. Amaganiza kuti lamulo la kampani ndi limene linawachotsa agogo ake. Zoti a Sandalamu anafuna kuwamangira chisakasa, ine nkukana, sadziwa. A Sandalamu anapita nazo kumanda osamuuza, kundisungira ulemu umene sindinauyenere.

Geti lalira. Ndi Esinati ameneyo, wabwera kuchokera kumsonkhano wa amayi. Ayi, musadzuke, palibe apite kukhitchini. Nomsa, kamulandire chikwama, umuikire mpando apa pafupi ndi ine, mbali ya khutu langa labwinoli. Ndikakhala naye ndekha ndichitanso mantha. Ndimuuze inu muli pomwepa.